Ndege Yoyera Imene Ndinasankha

Ndege zinali ziwiri, zitaimikidwa m'chigafa chakale cha fodya pa esiteti ina kuseri kwa Madisi. Ina inali yachikasu, ina yoyera. Amuna anga ananditenga kukaziona Loweruka lina mvula itangotha, udzu ukadali wobiriwira, ndipo njira yonse sanandiuze kumene tinkapita.

"Mwazionatu, amayi," anatero titalowa. "Imodzi mwa izi ikhoza kukhala yathu."

"Yathu yochitira chiyani?"

"Youlukira."

Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Iwo sanaseke.

Amuna angawo kwawo kunali ku Ntchisi, koma unyamata wawo unathera ku Zambia, kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa bwalo la ndege la kumigodi. Ankamasula mainjini, kuwatsuka, kuwamanganso, kenako n'kuima pambali ndi chisanza m'manja, wina akukwera n'kunyamuka. Zaka zonsezo sanaloledwepo kugwira chiwongolero ndege ili m'mwamba. Atabwerera kuno anandikwatira n'kudzakhala kwathu ku Dzoole, pamalo a amayi anga. Anatsegula galaja pa Madisi, nagula lole yonyamula fodya ndi mtedza wa anthu. Ine ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mishoni. Tinali ndi ana awiri, onse aakazi. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi. Ife makhadi tinkagula chaka ndi chaka, ndipo tinkayesa kuti tikatero basi tathana nazo.

Mwini ndegezo anali mzungu wokalamba amene ankayang'anira esitetiyo. Amuna anga ndiwo ankamukonzera mathirakitala. Mkazi wake ankadwala, ndipo ankakonzeka kubwerera kwawo mvula ina isanayambe. Anali ndi chilolezo chophunzitsa anthu kuyendetsa ndege, tsono anawauza kuti asankhe imodzi agule, iye awaphunzitsa mpaka atenge laisensi.

Yachikasu inali yakale kwambiri. Mkati inali ya mapaipi owotcherera, kunja yokutidwa ndi nsalu yolimbitsidwa ndi penti, moti ukaigogoda ndi chala inkalira ngati ng'oma. Inali ndi matayala awiri aakulu kutsogolo ndi kena kakang'ono kumchira, ndipo ikaima inkayang'ana kumwamba ngati galu wokhala pansi. Mipando yake inali yotsogozana, wina kutsogolo wina kumbuyo. Yoyera inali yachitsulo chopepuka thupi lonse, yoima mowongoka pa matayala atatu, lachitatu lili pansi pa mphuno. Mipando inali yogundana ngati kutsogolo kwa galimoto, ndipo inali ndi wailesi yolankhulira ndi anthu a pabwalo la ndege.

"Yoyerayi n'njosavuta kuphunzirira," anatero mzungu uja m'Chichewa chake chopindika. "Imakhululuka munthu akalakwitsa potera. Koma imafuna bwalo lalitali, losalala. Yachikasuyi imatera paliponse, ngakhale padambo louma, koma ikafika pansi ndi yaliuma. Ukangoiwala mapazi pang'ono, mchira umabwera kutsogolo."

Kusankhako kunatidyera mwezi wathunthu. Amuna anga anatembenuza kalendala yakale, najambula mzera pakati, n'kumalemba zabwino ndi zoipa za ndege iliyonse. Mtima wawo unali pa yachikasu, ndipo sankabisa. Ankati imeneyo angaikonze ndi manja awo, ikang'ambika ndi nkhani ya singano ndi ulusi basi, injini yake amaidziwa ngati ya chigayo, ndiponso imamwa mafuta ochepa. Analemba makalata kunja kufunsa ngati zipangizo za ndege ziwirizo zikupezekabe. Mayankho ankabwera ndi masitampa achilendo, ndipo maenvulopu ena ankafika ataoneka kuti anatsegulidwa n'kumatidwanso. Tinkati mwina ndi chinyezi cha m'matumba a positi.

Anatenganso chingwe n'kukayeza munda wanga, umene unali pamalo athyathyathya kumunsi kwa nyumba, pakati pa chulu ndi mtsinje. Kwa yachikasu mundawo unali wokwanira. Kwa yoyera unkaperewera. Pankafunika kupitiriza mpaka m'munda wa mtedza wa alongo anga, ndi kudula mitengo itatu ya masuku imene inali m'malire.

Mzungu uja anati sangagulitse ndege kwa mwamuna amene mkazi wake sanaikwerepo, choncho ananditenga mu zonse ziwiri tsiku limodzi. Ndinayamba ndi yachikasu. Mphepo inkalowa ponseponse, nsalu ya m'mbali mwanga ikunjenjemera, ndipo tinali otalikirana moti sindikanatha kumufunsa kanthu. Ndinatseka maso nthawi yambiri. Titatera ndinakasanza kuseri kwa chigafa. Masana ake ndinakwera yoyera. M'menemo ndinkaona manja ake, zimene akugwira ndi zimene akusiya, ndipo mtima unakhala m'malo. Ndinaona phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake yakuda bii pamwamba, mapiri a ku Dowa atandandalika ngati mizere ya m'munda wa mbatata, denga la tchalitchi chathu, ndi mudzi wathu wonse umene ndikanauphimba ndi chikhatho. Anandiuza kuti ndigwire chiwongolero. Ndinachigwira, ndege inapendekeka pang'ono kumanzere, ndinaibweza, ndipo inandimvera.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, tili pakhonde, ndinanena maganizo anga.

"Ngati mukufuna kuti ndizikweramo, tengani yoyera. Chinthu chansalu ine ayi, ndimadziwa mmene nsalu imathera ndi dzuwa. Sindikufunanso kumayang'ana nkhongo yanu tili m'mwamba. Ndipo yoyerayo ili ndi wailesi. Mukasochera muli ndi poitanira anthu."

"Nanga bwalo? Munda wanuwo sukwana."

"Achimwene ndikalankhula nawo ine."

Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu amuna anga anachotsa kalendala ija pakhoma, napita kukagulitsa lole.

Alongo angawo anali aakulu kwa ine, ndipo ndiwo ankayang'anira mbumba yathu. Analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Sanali munthu wankhanza. Udindowo anaulandira chifukwa ena onse anaukana, ndipo ankayenda ndi mantha kuposa anthu amene ankawagulitsa makhadi. Tinawapeza akusoka fodya m'chigafa chawo. Anamvetsera mpaka tinamaliza, osasiya kusoka.

"Alamu," anatero, "kodi akuluakulu a kuboma mwawadziwitsa?"

"Mapepala onse ndalemba. A zandege avomera. Kwa dokotala ku Blantyre ndapita, andiyeza maso ndi mtima."

"Sindikunena a mapepala. Ndikunena anthu amene amakhala kutsogolo pa misonkhano. Iwo amabwera pa galimoto, fumbi lili thoo. Inu mudzadutsa pamwamba pawo. Ndiponso munakhala ku Zambia, kumene kuli aja anathawa aja. Anthu amakumbukira zimenezo."

"Ine ndale sindizidziwa, alamu. Ndine makaniko."

"Ndikudziwa ine. Koma amene adzafunse si ine."

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti ndi nsanje chabe, ndi kuti munthu wakuda akagula njinga amamuyamikira, koma akafuna chachikulu amamuopseza. Komabe anati mundawo titenge akakolola mtedza. Mitengo ya masuku ija anatithandiza kudula iwo omwe.

Maphunziro anayamba m'nyengo yozizira, pa bwalo la ku esiteti. Loweruka lililonse ndinkapita nawo n'kukhala pa mgolo wa mafuta kuonerera. Sizinali zokongola ayi. Ankanyamuka, kuzungulira, kutera, kunyamukanso, kambirimbiri, mpaka dzuwa kutentha. Masabata oyamba ndege inkagunda pansi n'kudumpha ngati mpira, ndipo amuna anga ankatuluka malaya ali nyowe, nkhope itagwa. Ankadandaula kuti manja awo anazolowera sipanala, amagwira chiwongolero mwamphamvu kwambiri. Mzungu uja ankawamenya pa dzanja ndi pensulo kuti afewetse. Kunyumba ankakhala pa mpando wa ndalema, mapazi akuponda zinthu zosaoneka, akunena okha mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke. Ana ankawatsanzira.

Tsiku lina atatera kachitatu, mzungu uja anatsegula chitseko, natuluka injini ikulira, n'kubwera kudzaima pafupi ndi ine. Ndinaona ndege ikutembenuka, muli mutu umodzi wokha. Inathamanga, inanyamuka msanga kuposa masiku onse, inazungulira kamodzi, n'kudzatera phee. Amuna anga atatuluka sanabwere kwa ife. Anakhala pansi pa phiko, pa udzu, nkhope ataiika m'manja. Ndinawasiya kanthawi ndisanapiteko.

Bwalo lathu litauma ndi kusalazidwa, anaibweretsa kumudzi. Anthu anabwera kuchokera midzi yonse yozungulira, ena ndi ana kumsana, ena atasiya ng'ombe kudambo. Amayi anga anaigwira phiko ndi nsonga za zala, n'kupukuta dzanja pa chitenje. Pagululo panali anyamata awiri a malaya ofiira amene sindinkawadziwa. Sanayandikire. Mmodzi anafunsa mnansi wathu kuti kamtengo kachitsulo kali pamsana pa ndegeko n'kachiyani, ndipo anamuuza kuti n'ka wailesi.

Kuti munthu atenge laisensi ankayenera kuyenda ulendo wautali yekha, wokhota pamalo awiri n'kubwerera kumene anachokera. Amuna anga anayala mapu patebulo n'kujambula mizere itatu ndi pensulo: kuchoka kwathu kupita pa boma la Ntchisi, kuchoka apo kupita pa boma la Dowa, n'kubwerera. M'mbali analemba mphindi za chigawo chilichonse. Mzungu uja anali atatsala ndi sabata imodzi kuti anyamuke, ndipo tsiku lokhalo lopezeka linali Loweruka. Loweruka lomwelo kunali msonkhano waukulu pa boma la Ntchisi. Kunkabwera mkulu wina wa chipani wochokera kulikulu, ndipo amayi a m'maboma awiri tinauzidwa kuti tikavine. Alongo anga anabwera kudzanena kuti alamu awo asajombe.

"Ndinyamuka mamawa," anayankha amuna anga. "Pamene anthu azisonkhana ndidzakhala nditabwerera kale. Ndidzakupezani pa njinga yamoto."

Koma m'mawa mwake mtambo unaphimba phiri la Ntchisi, ndipo sunachoke mpaka dzuwa litakwera. Ine ndinali nditapita kale pa lole ya esiteti pamodzi ndi amayi anzanga, titavala nsalu zathu zofanana. Tinavina kuyambira m'mawa, opanda madzi, mpaka mkulu uja anafika. Tinakhala pansi pafumbi kutsogolo kwa nsanja. Anali atalankhula kanthawi, ali pakati pa kudzudzula anthu osayamika, pamene ndinamva kulira kumene ndinkakudziwa bwino. Inali ndege yathu.

Sinali pansi kwambiri. Inadutsa pamwamba ndithu, yoyera mbee padzuwa, n'kupendekeka pang'onopang'ono kukhotera ku Dowa, monga mmene mapu ankanenera. Koma ana a sukulu amene anali kumbuyo anaimirira n'kuyamba kuloza. Akuluakulu nawo anatembenuka. Khamu lonse linapereka nkhongo ku nsanja. Wina kumbuyoko anafuula kuti ndi makaniko wa pa Madisi uja, ndipo anthu ena anaomba m'manja. Ine ndekha sindinayang'ane kumwamba. Ndinkayang'ana mkulu uja. Anasiya kulankhula, nadikira mpaka kulira kuja kutazilala. Kenako anawerama n'kufunsa kanthu kwa munthu amene anakhala pambali pake, ndipo munthuyo analemba papepala. Anapitiriza mawu ake pamene anasiyira.

Amuna anga ndinawapeza kunyumba ali osangalala ngati mwana. Ulendo unayenda bwino, mphindi zinagwirizana ndi zimene analemba. Anati anaona anthu ngati nyerere pa bwalo la mpira, ndipo anaganiza kuti ali pamwamba kokwanira. Nditawauza zimene ndinaona anati Lolemba apita kuboma kukapepesa. Anapitadi. Anakhala pa benchi tsiku lonse, palibe amene anawalandira.

Anthu a boma anabwera Lachinayi masana. Ine ndinali m'kalasi, ndikulemba samu pa bolodi, pamene ahedi anadzandiitana pakhomo osandiyang'ana kumaso. Kunyumba ndinapeza galimoto yopanda chizindikiro, amuna anayi ovala zawamba, ndi amuna anga atakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, ovololo yawo ya kugalaja ikadali m'thupi, manja ali kumbuyo. Katundu wathu anali panja. Anatenga makalata a masitampa achilendo aja, kabuku kolembamo maulendo a ndege, ndi mapu. Wamkulu wawo anayala mapuwo pa boneti ya galimoto, naloza mizere itatu ija.

"Maboma awiri, ndi mphindi zake. Munkawerengera ndani?"

"Ndi za mayeso, bwana. Aphunzitsi anga angakuuzeni."

"Nanga pa wailesi mumalankhula ndi ndani ku Zambia?"

"Siifika kutali choncho. Ndi yolankhulira ndi a pabwalo basi."

Anatsikira kumunda ndi zida za m'galaja ya amuna anga omwe. Anazula wailesi, mawaya ali lendelende. Anamasulanso pulopela, chopukusa mphepo cha kutsogolo chija, n'kuiponya m'galimoto. Alongo anga anali ataitanidwa ngati tcheyamani, ndipo anaima chapatali, chipewa chili m'manja. Wamkulu uja anawakodola.

"Inu a tcheyamani, munthu uyu anakudziwitsani kuti akumanga bwalo la ndege m'dera lanu?"

Alongo anga anayang'ana zitsa za masuku zija, kenako pansi.

"Ayi, bwana. Ndinangoona zikuchitika."

"Mundawu ndi wa ndani?"

"Ndi wa mlongo wangayu."

Amuna anga sanatsutse. Powakweza m'galimoto anangondiuza kuti kiyi wa galaja ali m'thumba la jekete, ndi kuti thirakitala ya abambo a ku parishi yatsala kumanga mabuleki, ndiwauze asaiyendetse.

Mzungu uja anapatsidwa masiku awiri kuti atuluke m'dziko. Sindinamuonenso. Sabata yotsatira ndinalandira kalata yondiuza kuti ntchito yanga yaima. Galaja anaikhoma ndi loko wawo, ndipo zida zinatha pang'onopang'ono kudzera pa windo. Anthu amene anadzaza munda wathu tsiku lija anayamba kulambalala nyumba yathu. Kuchitsime ndikafika nkhani zinkatha. Kutchalitchi benchi yathu inkakhala ya ife atatu, ine ndi ana, ngakhale pa Pasaka pamene ena ankaima kunja. Sindiwaimba mlandu kwambiri. Kupatsa moni mkazi wa munthu wotengedwa kunali kokwanira kuti nawe ufunsidwe.

Ndinayenda. Ndinapita ku Dowa, ku Ntchisi, ku Lilongwe, ndi kambale ka chakudya m'nsalu. Paliponse ankatsegula buku, kuyendetsa chala, n'kunena kuti dzina la amuna anga palibe. Sanazengedwe mlandu, choncho panalibe khoti loti ndikafunseko. Pamalo ena wapolisi wachikulire anandiperekeza mpaka pageti n'kundiuza motsitsa mawu kuti ali moyo, koma ndisiye kufunsa ngati ndikufuna kulera ana anga. Chakudya chija ndinadyera pa siteji ya basi, chifukwa ndinali ndi njala ndipo chikanawonongeka.

Ndege inatsala pomwepo, kumapeto kwa munda. Anatiuza kuti ndi umboni wa boma, aliyense woigwira adzayankha. Palibe amene analimba mtima kulima pafupi, choncho munda wanga ndi wa alongo anga yonse inagonera. Ine ndinkalima kadimba kumtsinje, ndi kuchita ganyu yosankha fodya pa esiteti ina kumene sankandidziwa. Popita kumtsinjeko njira inkadutsa pafupi ndi ndegeyo, ndipo ndinkaiona tsiku ndi tsiku. Matayala anaphwa chaka choyamba. Matalala anaswa galasi lakutsogolo. Udzu unamera mpaka m'mapiko, mavu anamanga m'kati, ndipo chaka chachitatu moto wa m'tchire unadetsa mbali imodzi. Pamene panali wailesi panatsala bowo lamakona anayi. Ndikaliona ndinkamva mawu anga omwe, pakhonde paja, ndikunena kuti mukasochera muli ndi poitanira anthu. Yachikasu inalibe wailesi. Yachikasu ikanakwana m'munda mwanga, alongo anga osalowamo. Maganizo amenewa ndinayenda nawo zaka zinayi, osauza munthu.

Alongo anga ankatumiza chimanga kudzera mwa amayi. Ndinkachibweza. Amayi ankalira, ankati tonse ndife ana awo, ndipo alongo angawo akanayankha mosiyana tsiku lija akanatengedwa awiri. Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Chimangacho ndinkachibwezabe.

Amuna anga anabwerera mwezi wa masika, masana, wapansi kuchokera kumsewu. Mwana wathu wamng'ono ndiye anayamba kuwaona, ndipo anathawira m'nyumba kudzanena kuti kwabwera munthu wopempha. Anali atavala kabudula ndi malaya a munthu wina. Mano akutsogolo kunalibe. Miyendo inali yotupa, ndipo diso lakumanja linali litachita mtambo woyera. Anaima pabwalo osalowa, mpaka ndinawagwira dzanja. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankadikira kuuzidwa. Miyezi yambiri ankatero: sankakhala pansi, sankayamba kudya, sankatuluka kukataya madzi popanda wina kunena kuti atero.

Za kumene anali sanafotokoze zambiri. Anasayina pepala lolonjeza kuti sadzanena. Ndinangodziwa kuti miyezi yoyamba ankawafunsa funso limodzi lomwe lija la wailesi, ndipo kenako anasiya kuwafunsa chilichonse, anangowaiwala. Tsiku lowatulutsa sanawauze chifukwa, monganso sanawauze tsiku lowatenga.

Patapita masabata atatu anapempha kuti ndiwaperekeze kumunda. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo. Anaizungulira ndegeyo kamodzi, nagwira pamene panali pulopela, nayesa kupukusa ndi dzanja. Injini inali itagwirana ndi dzimbiri. Anasuzumira m'kati, mavu anatuluka, anabwerera m'mbuyo. Pamenepo ndinalephera kudzigwira.

"Ndine ndinakupweteketsani," ndinatero. "Inu munkafuna yachikasu. Wailesi ija ndinaikakamira ndine."

Ananditembenukira ndi diso lawo labwino.

"Mwakhala mukuganiza zimenezo nthawi yonseyi?"

"Eya."

"Amayi, m'chipinda chathu munali mphunzitsi amene anamutenga chifukwa cha taipi yolembera. Munali wina wa sitolo amene sankadziwa n'komwe chimene anamutengera. Ikanakhala yachikasu akanati wailesi ndabisa. Iyi inali ndege yabwino. Pa yachikasu ija sindikanafika pouluka ndekha nthawi isanathe, mapazi anga anali olemera. Ndinauluka ndekha kasanu ndi kawiri. Ndinkawerenga maulendo amenewo ndili m'kati muja, limodzi limodzi, kuyambira ponyamuka mpaka potera."

Sindinganene kuti mawuwo anandimasula. Ndinawamva, ndinawakhulupirira pang'ono, ndipo tinabwerera kunyumba.

Alongo anga anabwera tsiku lotsatira ndi nkhuku. Pa utcheyamani anali atawachotsa kale, chaka chomwe chija anatenga amuna anga, chifukwa cha munda womwewo. Anagwada pakhomo ngati mlendo. Amuna anga anawapatsa mpando, nawafunsa za fodya wa chaka chimenecho, za mitengo ya kumsika, za ng'ombe. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka, osatchula tsiku lija. Ine ndinakhala kukhitchini. Nkhukuyo ndinaipha ndi kuiphika chifukwa amuna anga anandiuza, koma sindinadye, ndipo alongo anga sindinawalankhule mpaka pa maliro a amayi athu, patapita zaka zina zitatu. Ngakhale pamenepo tinangokambirana za bokosi ndi za ufa.

Za laisensi zinathera pomwepo. Ndi diso limodzi palibe dokotala akanawavomereza, ndipo iwo sanazitchulenso. Analemba kalata kuboma kupempha chilolezo chochotsa ndegeyo m'munda. Yankho silinabwere. Analembanso, osayankhidwa. Chaka chachiwiri anangotenga hamala ndi tchizulo, n'kuyamba kuiphwasula okha, m'mawa uliwonse pang'ono, ine ndikuyang'ana kumsewu. Palibe amene anabwera. Zitsulo zopepuka zija anatenga amisiri a pa Madisi, anapangira ndowa ndi mapoto. Mpando umodzi unapita kwa mnansi wathu wopuwala miyendo.

Galaja sanaitsegulenso. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msewu, ndipo anthu anayamba kubweranso, poyamba a kutali, kenako a m'mudzi momwemo. Ine anandibwezera ntchito pa sukulu ina yakutali, yoyenda maola awiri, ndipo ndinaivomera. Miyendo yawo sinachire. Kutupa kunakwera mpaka m'mimba, ndipo kuchipatala anati ndi impso. Anakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi chibwerereni. Anamwalira nthawi yokolola, mwana wathu woyamba ali ndi pakati pa mdzukulu amene sanamuone. Abale awo anapempha kuti akaikidwe kwawo, choncho tinawanyamula pa thirakitala kupita ku Ntchisi. Chipani chinali chikadalipo, ndipo pamaliropo panali anthu awiri amene palibe ankawadziwa. Amene analankhula m'malo mwa banja ananena kuti malemuwa anali makaniko waluso, mkhristu wokhulupirika, ndi kuti anadwala nthawi yaitali. Tinagona kumeneko masiku atatu, kenako ndinabwerera ku Dzoole ndi ana, chifukwa Lolemba sukulu inkatsegulidwa.